Mkungudza Usayandikire Dimba

Alimi anzathu, mpanda wa mkungudza uli nao ubwino wace: umakula msanga, sutaya masamba m'cilimwe, ndipo umaletsa mwera ndi pfumbi pakhomo. Koma mizu yace imalanda madzi a ndiwo, ndipo mthunzi wace umafooketsa repu ndi matimati. Mukaudula kufikira nthambi zakale zopanda masamba, suphukanso. Pamatsala mipata yolowera mbuzi. Tisaiwalenso nsabwe za mkungudza zimene zinaoneka ku Malawi mu 1986, nizifalikira kuno ndi kuumitsa mipanda yambiri.

Cifukwa cace tikuti: bzalani mkungudza kumbali yocokera mphepo, kutali ndi dimba, ndipo muziusadza nsonga caka ndi caka. Kudimba, nkhadze ya makolo athu ikali yokwanira.