Mphindi khumi pa mzinga wa ku Mangochi

Mwana wa mchemwali wanga, amene ndimakhala naye kuno ku Nyambadwe, wabwerako ku ulendo wa sukulu wa ku Mangochi. Foni yadzaza zithunzi: mchenga, mabwato, usipa uli pathandala, anzake ali m'madzi mpaka m'khosi. Pakati pa zonsezi pali chithunzi chimodzi cha mzinga wakale uja, uli pafupi ndi nsanja ya wotchi, musanawoloke mlatho wa Bakili Muluzi. Anyamata atatu aukwera, wina watukula zala ziwiri m'mwamba.

"Amalume, pamenepa tinangoima mphindi khumi. Adalaivala amangoimba hutala, aphunzitsi akuti tichedwa kunyanja. Koma kodi nkhondo ya mzinga umenewu inali yathu?"

Mwana wafunsa funso lotere, koma womuyankha panalibe chifukwa basi imathamangira chambo chootcha! Zimenezi zandiwawa, ndipo ndikudziwa kuti nanunso makolo zikukuwawani.

Musandimve molakwa. Mwana wokulira m'mphepete mwa Nasolo, amene madzi ambiri amawaona mvula ikasefukira m'ngalande, ayenera kukasamba m'nyanja yake, akagudubuzike pamchenga mpaka dzuwa lipendeke. Tinalipira ndalama zaulendo kuti akasangalale. Koma akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo maulendo athu asukulu kudekha alibe.

Mzingawo unali pa sitima yotchedwa Guendolen. Pa 13 August 1914, nkhondo yoyamba yapadziko lonse itangobuka, Captain Rhoades anapita nayo ku Sphinxhaven, kumene lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania, n'kukaphwanya sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann. Mnzake wa ku Jeremani, Captain Berndt, n'kuti asanamve n'komwe kuti kwagwa nkhondo. Nkhani imeneyi azungu amaikonda, amaisimba akuseka. Kusekako kunathera pa Karonga pa 9 September chaka chomwecho, pamene Ajeremani anawoloka malire, ndipo ambiri mwa amene anagwa pamenepo, mbali zonse ziwiri, anali asilikali akuda.

Apa ndiye pali dandaulo langa lakale. Timaloweza mayina a masitima ndi a makaputeni, koma za amtengatenga sitinena. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anasenza katundu wa nkhondo imeneyi, imene agogo ankaitcha ya Chiwaya. Ambiri sanapite mwakufuna kwawo: ankagwidwa m'midzi, ena usiku, mafumu atakakamizidwa kupereka anthu. Ankasenza mabokosi a zipolopolo ndi matumba a chakudya cha asilikali, iwo eni mimba ili pululu, opanda nsapato, mvula ikuwathera pamsana. Kamwazi ndi njala zinawatha m'njira. Minda kumudzi inagonera, ndipo obwerako mu 1918 anapezananso ndi mliri wa chimfine. Fort Johnston, Mangochi ya leroyi, inali doko lalikulu la katundu wopita kumpoto. Gombe limene ana athu amasewerapo mpira linapondedwa ndi anthu amenewo.

Ndiye inde, mphwanga, nkhondoyo inali yathu. Sitinaiyambitse, koma tinaisenza pamutu.

John Chilembwe anaziona zimenezi msanga. Chakumapeto kwa 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti anthu osauka akukafera nkhondo imene sadzapindula nayo kanthu. Pa 23 January 1915 anaukira. Ana athu tsiku la Chilembwe amalidziwa, nkhope yake amaigwira tsiku ndi tsiku pa ndalama, koma ndani anawauzapo kuti mkwiyo wake ndi mzinga wa ku Mangochi ndi nkhani imodzi? M'kalasi zimabwera ngati mitu iwiri yosiyana, yoloweza pokonzekera mayeso.

Chondinyansa china n'chakuti basi yomweyo inadutsa pa Zomba, pamene pali chipilala cha asilikali a King's African Rifles, osaima. Pa Mangochi pomwepo pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946, komanso nyumba yosungiramo mbiri ya nyanjayi. Ziwirizi zili pamtunda woyenda pansi kuchokera pamzingapo.

Aphunzitsi, sindikupempha zambiri. Nyamukani m'Blantyre kusanache, kuti mukafike nthawi ikadalipo. Pamzingapo adalaivala azimitse injini. Ana akhale pansi, mmodzi wa inu asimbe za Rhoades, kenako za anthu amene anasenza katundu wa nkhondoyo. Ngati nkhaniyo simukuidziwa bwino, pemphani wa kunyumba ya mbiri ija akuthandizeni. Mupatsenso mwana aliyense ntchito yoti akabwerera kwawo akafunse agogo ake ngati m'banja mwawo munali wina amene anatengedwa pa Chiwaya, dzina lake ndani, ndipo ngati anabwerako.