Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi: za ulendo wa ku Manchewe

Adzukulu anga ndi inu nonse okonda miyambo yathu, sukulu zikatsekera tchuthi chachitali, mabanja ambiri a muno mu Mzuzu amafunsana za kopita. Ena amatsikira ku Nkhata Bay kukasambira, ena amangobindikira pakhomo, ana maso ali pa foni mpaka dzuwa kulowa. Ine maganizo anga ndi akuti banja lililonse limene lingathe, likwereko phiri la Khondowe wapansi, ndipo likalowe m'phanga la pa mathithi a Manchewe. Akale anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, kutanthauza kuti nzeru zimadza ndi kuyenda.

Njira yake si yosowa. Kuchoka mu Mzuzu mumatsata msewu wa ku Karonga, kutsika zitunda za Chiweta mpaka pa Chitimba. Pamenepo pamayambira msewu wakale wa Gorodi, wa makilomita pafupifupi 15, wokhala ndi makona 20. Woyenda wapansi adzuke m'mamawa dzuwa lisanakwiye, anyamule madzi ndi kamba, ndipo asathamange, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Alendo ambiri akafika pamwamba amathamangira ku Livingstonia, ndipo salakwa. Mishoniyi inayambira ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo Dr Robert Laws anaikhazikitsa ku Khondowe mu 1894. Nyumba ya Stone House, tchalitchi ndi chipatala cha David Gordon Memorial zikadali chilili. Koma zonsezi ndi mbiri yomangidwa ndi njerwa ndi miyala, yolembedwanso m'mabuku. Mbiri ya eni nthaka ili kuseri kwa madzi.

Mathithi a Manchewe amagwa kuchokera pamtunda wa mamita pafupifupi 125, ndipo kumbuyo kwa madziwo kuli phanga. Akuluakulu a kumeneko amasimba kuti anthu a mtundu wa Aphoka ankabisala mmenemo pothawa ogwira akapolo ndi nkhondo za nthawi imeneyo. Tikumbukire kuti dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, ndipo Mlozi, wogulitsa akapolo wa ku Karonga, anagonjetsedwa mu 1895. Choncho phangali linasunga miyoyo atsamunda asanakhazikike, ndipo silinamangidwe ndi munthu aliyense. Mwana akaima mmenemo, n'kumva mkokomo wa madzi ndi kuzizira kwa thanthwe, amadzifunsa yekha kuti mayi wa khanda ankalitonthoza bwanji kuti adani asamve kulira. Funso limenelo silibwera powerenga buku m'kalasi.

Alipo amene amati nkhani zoterezi n'kutokosa zilonda, poti zidzukulu za othamangitsa ndi za othamangitsidwa lero zimakwatirana ndi kupemphera m'tchalitchi chimodzi. Ine ndikuti n'chifukwa chake tiyenera kuzisimba. Mwana wa mu Mzuzu kawirikawiri ali ndi magazi a Chitumbuka, Chingoni, Chitonga ndi Chichewa m'thupi limodzi. Akadziwa kuti makolo ake ena anabisala ndipo ena anasaka, amazindikira kuti mtendere umene waupezawu unagulidwa modula. Chilonda chobisa ndicho chimanunkha.

Ena amadandaula za ndalama. N'zoona kuti ulendo sukhala waulere, koma mabanja awiri kapena atatu akasonkherana, atanyamula mbatata, nthochi ndi mtedza zochoka pakhomo, mtolo umapepuka. Mutu umodzi susenza denga. Agogo amene miyendo yawo yatopa atsogole pa galimoto, akadikire anawo pamwamba, koma asatsale kunyumba, chifukwa ulendo wopanda wosimba ndi kungotopetsa mapazi.

Mukafika, lemekezani malowo. Perekani moni kwa eni mudzi, tengani wokulondolerani wa komweko ndipo mumulipire mosanyinyirika, pakuti safunsa anadya phula. Njira yotsikira kuphangako ndi yoterera, ana agwiridwe dzanja. Musalembe mayina pathanthwe, musataye mapepala, musachite phokoso lopanda pake. Pamene anthu anabisalapo ndi mantha si pochitira chibwana.

Nyumba za mishoni zili ndi ozisamala. Phanga la Manchewe likusungidwa ndi pakamwa pa okalamba okha, ndipo okalambawo tikutha. Tengani anawo tchuthi chikubwerachi, tikadali ndi mpweya wowayankha.