Foni isasanduke kazitape wa m'thumba

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa tsamba lanu lokondedwali za nkhani imene yandisowetsa mtendere masiku ano. Ine ndine mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, ndimakhala kuno ku Lufita m'boma la Chitipa. Choko ndinagwira zaka zoposa 30, ndipo ngakhale ndinachitula, khalidwe lolangiza silinandichoke.

Nkhani yake ndi ya mafoni amakonowa amene amatha kuonetsa munthu wina pamene iwe uli. Kwa anzanga achikulire amene simunazione, zimayenda motere. Foni imalandira zizindikiro kuchokera ku masetilaiti a GPS amene amazungulira dziko kumwambaku, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000. Ndi zizindikirozo imawerengera malo ako, nthawi zina mpaka kulozera nyumba imene walowa. Ukavomera, malowo amaoneka ngati kadontho pa mapu m'foni ya mnzako, ndipo iwe ukasuntha kadonthoko nako kamasuntha. Pa WhatsApp zimenezi zinayamba m'chaka cha 2017, ndipo umasankha kuti uoneke kwa mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8. Pa Google Maps pali ngakhale posankha kuti uzioneka mpaka tsiku limene udzatseke wekha.

Ndisaname, chinthuchi chili ndi ubwino wake. Mdzukulu wanga amene amachita kabaza wa njinga yamoto inamufera usiku wina akuchokera ku Misuku, mvula ili mkati. Mwamwayi netiweki inalipo. Anatumiza kadontho kaja kwa mkulu wake, ndipo anakamupeza osavutika n'kufunsa m'makomo mwa eni usiku. Nawo ana athu opita ku Joni pa basi, makolo mtima umakhala m'malo akaona kuti mwana wadutsa ku Tete, waoloka pa Beitbridge. Ngakhale makolo athu ankati munthu wanzeru sachoka pakhomo osatsazika.

Koma taonani kusiyana kwake. Potsazika umasankha wekha womuuza, umamuuza zimene wafuna, ndipo ukabwerako nkhani yatha. Foni ikangotsegulidwa imanena zonse, usana ndi usiku, ngakhale mwini wake ataiwala kuti anaitsegula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi mwana wina wamkazi amene ndinamuphunzitsa mu Sitandade 8 zaka zapitazo. Dzina lake sinditchula. Anakwatiwa, koma banja lake linali la ndodo tsiku ndi tsiku. Atatopa anathawira kwa azakhali ake kumudzi wina, osauza aliyense, podikira kuti akuluakulu a mbali zonse ziwiri akhale pansi. Sipanathe masiku awiri, mwamuna uja anatulukira pakhomo pomwepo. Anthu anayamba kulozana zala, ena n'kumati azakhaliwo ndiwo aulula, ena n'kumati ndi mankhwala. Zoona zake zinadziwika mnyamata wina atayang'ana foni ya mayiyo. Foniyo anamugulira ndi mwamunayo, ndipo tsiku limene anaigula anatseguliratu poonetsa malo, mkazi wake osadziwa. Chikhala kuti anthu apafupi sanathamangire atamva kukuwa, bwenzi lero tikusimba za maliro.

Abambo anzanga, apa tiuzane zoona. Kuno kwathu timalowola, inde, koma ng'ombe za malowolo sizigula mapazi a munthu. Mwamuna amene amatsata mkazi wake mobisa, kapena mkazi amene amatsata mwamuna wake mobisa, sakumanga banja ayi. Lero adzafunsa chifukwa chimene kadontho kanaima nthawi yaitali pa chigayo, mawa adzafunsa za kuchipatala, mkuja za kutchalitchi. Banja likafika pamenepo, pofunika ankhoswe ndi abusa, osati mapu.

Ngozi ina ili pa amalonda athu. Ambiri kuno amakapikula katundu ku Tunduma ndi ku Nakonde, ena amayenda m'midzi kugula chimanga, nyemba ndi khofi, ndalama zili m'chikwama. Ndaona ena akutumiza malo awo pa gulu la WhatsApp la anthu oposa 100 pofuna kuonetsa kuti bizinesi ikuyenda. Kodi onsewo mukuwadziwa mitima yawo? Ukatumiza pa gulu, aliyense wa m'gulumo amaona msewu umene wadzera, pamene waima, ndiponso amadziwa kuti kunyumba kwako kwatsala ana okha. Kale wakuba ankayenera kubisala m'tchire n'kulumidwa ndi udzudzu kuti adziwe zimenezi. Lero tikumutumizira tokha ali gone pa mphasa.

Inunso abusa, ansembe, asisiteri ndi akatekisiti, nkhaniyi ikukukhudzani koposa. Mayendedwe anu si anu nokha. Mukalowa nyumba ina katatu pa sabata, ndiye kuti m'menemo muli matenda, kapena banja likugwedezeka, kapena wina akufuna kulapa. Wodziwa pamene foni yanu yaima wadziwanso zinsinsi za nkhosa zanu, ngakhale inu simunatsegule pakamwa. Musayese ndi nthano. M'chaka cha 2021 ku America, wansembe wina wa udindo waukulu mu bungwe la maepiskopi anatula pansi udindo, anthu ena atapeza mbiri ya mayendedwe a foni yake kuchokera kwa ogulitsa zinthu zoterezi. Sindikuweruza mlandu wake. Ndikungoti mayendedwe a munthu lero ndi malonda. Chaka chomwecho atolankhani anaulula kuti kampani ya Life360, imene mabanja amagwiritsa ntchito poonana pamene ali, inkagulitsa mbiri ya malo a anthu ake kwa amalonda ena. Mu 2018 mapu a Strava, amene amaonetsa njira zimene anthu othamanga adutsa, anaulula malo a misasa ya asilikali ku Syria ndi ku Afghanistan. Ngati asilikali anapusitsika, nanga ife a pa Lufita ndife yani?

Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Iwo ankadziwa kuti phazi la pa dothi mvula imafufuta. Phazi la m'foni silifufutika msanga, limasungidwa m'makompyuta a kutali kumene ife sitidzafikako.

Ife amene tinayamba ntchito m'zaka za m'ma 1980 tikukumbuka nthawi ya chipani chimodzi. Munthu unkalankhula uku ukucheuka, posadziwa kuti amene wakhala naye pa benchi akanena kuti. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, ndipo titavota pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, china chimene tinkafuna chinali chakuti munthu aziyenda popanda womulondalonda. N'chifukwa chake gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu aliyense. Kodi ufulu umene tinauvutikira chotere tiupereke tokha chifukwa cha ulesi wowerenga zimene foni ikutifunsa tisanadine povomera?

Malamulo ena aliponso. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kulondalonda ndi kuzunza munthu kudzera pa makina ngati amenewa. Lamulo la Data Protection la 2024 linapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira mmene mbiri za anthu zikusungidwira. Tisaiwalenso kuti chiyambire 2018 nambala iliyonse ya foni imalembetsedwa m'dzina la mwini wake, ndipo ngakhale kafoni ka mabatani kamadziwika nsanja ya netiweki imene kayandikira. Koma lamulo lolembedwa m'Chingerezi n'kusungidwa ku Lilongwe ndi ku Blantyre silingathandize mayi wa ku Kameme kapena ku Nthalire ngati sanalimvepo. Ndikupempha a MACRA ndi makampani a mafoni kuti afotokoze zimenezi pa wailesi m'zilankhulo zathu, Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyika ndi Chitumbuka, monga mmene amachitira akamatsatsa malonda awo.

Kwa owerenga anzanga ndili ndi malangizo anayi. Choyamba, onetsani malo anu kwa munthu mmodzi amene mungamusiyire kiyi wa nyumba yanu, osati pa gulu. Chachiwiri, sankhani nthawi yochepa yokwanira ulendo wanu, ndipo mukafika tsekani. Chachitatu, foni yopatsidwa ngati mphatso, yogula kwa munthu kapena yochokera kokonzetsa, muiyang'ane bwino. Pa Google Maps onani polembedwa kuti Location sharing, pa WhatsApp onani polembedwa kuti Live location, mudziwe amene akukuonani. Ngati simutha, pemphani mwana amene mumamukhulupirira akuonetseni inu mukupenya. Chachinayi, amene mwazindikira kuti wina akukutsatani mobisa ndipo mukuopa, musalimbane naye nokha. Uzani abale, abusa kapena amfumu, ndipo pitani ku Victim Support Unit ya kupolisi.

Makolo amene mukufuna kudziwa kumene ana anu ali, sindikukutsutsani, dziko laipa. Koma muwauze poyera ndi kuwafotokozera chifukwa chake. Ine ana ndakhala nawo moyo wanga wonse. Mwana akadziwa kuti mukumusuzumira mobisa, foni adzaisiya kwa mnzake amene wapita ku kwaya, iye n'kulowera kwina. Inu mudzakhala mukuyamika Mulungu poona kadontho kali pa tchalitchi.

Pomaliza ndipemphe atsogoleri a mipingo kuti nkhaniyi muikambe m'magulu a amayi, a achinyamata ndi pa uphungu wa ofuna kulowa m'banja. Foni si mdani wathu, tinaifuna tokha ndipo ikutithandiza. Koma munthu aliyense, wolemera kapena wosauka, mwamuna kapena mkazi, ayenera kusankha yekha amene angadziwe pamene iye ali.



Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Lufita,
Chitipa.