Njinga yamoto ndi ya abwenzi, nanga mafuta agula ndani?

Aphunzitsi anzanga, m'gawo lino mwawerenga za ntchito ya oyendera sukulu. Pano tiyeni tikambirane za ndalama zimene zimawayendetsa, pakuti kawirikawiri zimachokera kunja.

Tiyambe ndi ku Malawi. Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo linalemba aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanapite ku koleji. Insipekitala wakale uja, wongotulukira ngati mphezi n'kuopseza, akanamuthandiza chiyani munthu amene sanalembepo sikimu? Choncho, ndi thandizo la dziko la Britain, sukulu anazigawa m'mazoni, anamanga ma TDC, ndipo m'malo mwa insipekitala munabwera mlangizi, amene timati a PEA. Anawapatsanso njinga zamoto. Maganizowo anali abwino, ine sindiwanyoza ayi.

Kuno ku Zimbabwe, m'zaka za m'ma 1990, kunabwera Better Schools Programme ndi thandizo la dziko la Netherlands. Sukulu zoyandikana anaziika m'magulu kuti aphunzitsi aziphunzitsana okhaokha. Abwenziwo atachoka, sukulu ndizo zinatsala zikusonkha kuti ntchitoyo isafe, ndiye kuti katunduyo anagwera makolo. Mu 2008 ndalama ya dziko itasanduka mapepala, aphunzitsi ambiri anasiya choko. Mu 2009 nduna ya maphunziro, a David Coltart, pamodzi ndi UNICEF anakhazikitsa thumba la Education Transition Fund, limene linagawa mabuku pafupifupi 13 miliyoni m'sukulu za pulayimale. Buku ukalipereka limakhala pomwepo, mwana n'kumaliwerenga zaka zingapo. Kuyendera sukulu n'kwina. Kumafuna mafuta teremu iliyonse, ndipo pulojekiti imakhala ndi tsiku lotsekera. Boma likapanda kuika ndalama ya mafutayo mu bajeti yake, njinga ija imangochita dzimbiri kuseri kwa ofesi, woyendera n'kumaitanitsa mafayilo ali pampando.

Koma tinene kuti mafuta apezeka, bwana afika. Adzayang'ana chiyani? Taganizirani mphunzitsi wa ku Unit G kuno ku Chitungwiza, kumene m'sukulu zambiri chipinda chimodzi amalandizana makalasi awiri, ena m'mawa, ena masana. Fomu yatsopano ikufunsa ngati pakhoma pali matchati. Khoma lake la yani? Ikufunsa ngati zimbudzi n'zaukhondo, m'tauni imene mipopi imakhala masiku osadontha, ndiponso mmene munayambira kolera wa mu 2008. Woyendera akachonga kuti "sizikukwanira" n'kumusainitsa mphunzitsi, cholakwa cha khonsolo ndi cha unduna chasanduka cha munthu wogwira choko. Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi akatswiri olemba mafomuwa. Amakonza maso oyang'ana pansi, kwa inu, koma lipoti lonena kuti sukulu ilibe madzi likakwera kumtunda, palibe amene amakakamizidwa kuliyankha.

Ife ophunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuwerenga tinaphunzira kalekale kuti mayi wa zaka 50 ukamuchititsa manyazi pagulu, mawa sabweranso. Mphunzitsi sangathawe chonchi poti ndi pantchito, koma amabisala m'njira ina: amakongoletsa sikimu usiku wonse, ana osawerenga ali phee kumbuyo. Woyendera amene amangotsegula mafayilo sangawaone anawo. Ayenera kukhala m'kalasi phunziro lonse, atenge mwana mmodzi kapena awiri awawerengetse, kenako abwerenso.

Tsono inu musadikire kuti abwenzi akunja akukonzereni zimenezi. Akadzabwera oyendera, apempheni mwaulemu kuti mukambirane zimene aona musanasaine. Pemphani kope la lipotilo likhale lanu. Ngati pali malo oti mphunzitsi alembepo ndemanga, musangolemba "zikomo". Lembani chiwerengero cha ana anu, mabuku amene alipo, ndi masiku amene madzi sanatuluke teremu imeneyo. Pomaliza afunseni kuti abweranso liti, ndipo tsikulo mulilembe m'buku lanu iwo akuona.