Njinga iziyenda m'dzinja, koma mtsinje wodzaza uzilemekezedwa

Mvula yoyamba ikangogwa, m'mabanja ambiri ku Salima, ku Mchinji, ku Balaka ndi m'matauni ena mumabuka funso: kodi bambo apitirize kupalasa njinga m'matope muno, kapena ayiimike kaye mpaka kunja kuyere? Funso lomweli limabweranso mu Juni ndi Julayi, pomwe chiperoni chimakuta Thyolo ndi Mulanje, ndipo ku Dedza zala zimachita kuuma pachiwongolero.

Ife tikuti njinga ipitirize kuyenda. Mvula kuno imagwa kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo. Tikaphatikizapo miyezi yozizira, ndiye kuti banja loopa nyengo lingaimike njinga kuposa theka la chaka. Ndani angakwanitse?

Ndi m'dzinja momwemo pomwe mlimi amafuna kukatenga feteleza, malungo amachuluka ndipo mwana wodwala amayenera kufika kuchipatala msanga. Wa kabaza akagona tsiku limodzi, madzulo ake pakhomo sipafuka utsi. Mwana wa sekondale yoyendera akajomba tsiku lililonse la mvula, mayeso akadzafika adzalemba chiyani?

Komabe walira mvula walira matope. Njinga yomwe imayenda bwino m'chilimwe si kuti ili bwinonso m'dzinja, ndipo apa m'pomwe ambiri timalakwitsa.

Choyamba ndi mabuleki. Njinga zambiri zomwe tili nazo zimaima mphira ikagwira limu yachitsulo. Limu ikanyowa, mphira imaterereka, moti njinga imayenda mtunda wautali kuposa masiku onse isanaime. Wopalasa wanzeru amayamba kugwira buleki akadali patali, pang'onopang'ono, kuti madzi achoke palimu. Mphira zikatha, azisinthe mvula isanalimbe. Mtengo wake sungafanane ndi wogonera m'chipatala.

Chachiwiri ndi katundu. Matumba awiri a makilogalamu 50 omwe mumatsika nawo chitunda mu Okutobala angakugwetseni pamtsetse womwewo mu Januwale. Kuyenda maulendo awiri n'kotopetsa, koma tayala losalala, dothi la katondo ndi katundu wolemera zikakumana, mapeto ake ndi ngozi. Tcheni nachonso chizitsukidwa matope ndi kuthiridwa mafuta, apo ayi dzimbiri lidzadya ndalama zomwe mumati mukusunga.

Chachitatu ndi kuoneka. Mvula ikamagwa kapena nkhungu ikatsika, woyendetsa galimoto saona patali, ndipo mu Juni kumada msanga. Munthu wovala jekete yakuda, panjinga yopanda nyali, m'mbali mwa msewu wa M1, amakhala wapereka moyo wake m'manja mwa dalaivala yemwe sakumuona n'komwe. Nyali kutsogolo, chonyezimira kumbuyo ndi chovala chowala ndi zinthu zofunika ngati matayala. Ambulera isiyidwe. Imalanda dzanja limodzi, imatchinga maso, ndipo mphepo ikawomba imakokera munthu pakati pa msewu.

Zonsezi ndi zoti munthu angakonze n'kumapitiriza ulendo. Koma pali malo amodzi pomwe tikuti njinga iime basi: pamtsinje wodzaza.

Madzi othamanga ongofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu, nanji wosenza njinga paphewa. Madzi a matope amabisanso pomwe mlatho wadyeka. Anthu a ku Phalombe, Mulanje, Chikwawa ndi Nsanje sangaiwale zomwe namondwe wa Freddy adachita mu Malichi 2023, pomwe misewu ndi milatho idakokoloka ndipo anthu mazanamazana adatisiya. Koma sipafunika namondwe kuti madzi atenge munthu. Kamtsinje komwe mudawoloka m'mawa kali phee kangadzaze masana kaamba ka mvula yomwe yagwa kumtunda, inu osaiona. Chimodzimodzi ziphaliwali: zikayamba, tsikani mukabisale m'nyumba, osati pansi pa mtengo.

Nkhaniyi si ya wopalasa yekha. Nthawi zambiri wa kabaza amalowa m'madzi chifukwa wokwera akumukakamiza kuti achedwa kumsika, kapena wamulonjeza kuonjezera ndalama. Mwana amawoloka chifukwa akuopa kukalipiridwa kunyumba kapena chilango kusukulu. Bambo amapalasa usiku mvula ili pamsana chifukwa akudziwa kuti ufa watha.

N'chifukwa chake tikupempha mabanja kuti akhale pansi n'kugwirizana mvula isanafike. Makolo amuuze mwana momveka kuti akapeza mtsinje wadzaza abwerere, ndipo sadzakalipiridwa. Mayi ndi bambo agwirizane kuti kugona kwa achibale kutsidya sikulakwa. Aphunzitsi nawo asalange mwana yemwe wachedwa podikira madzi kuti aphwe. Okwera kabaza, mukaona mnyamata watsika kuti mukankhe limodzi pamalo oterera, musamunyoze ulesi. Akusamala moyo wanu.

Pa chisanu, vuto ndi lochepa. Juzi, chipewa ndi zovala m'manja zimakwanira, ndipo thupi limafunda lokha mukapalasa pang'ono. Chofunika n'kuvula zonyowa mukangofika, makamaka ana. Kapepala kapulasitiki kokutira makope ndi malaya osinthira kangapulumutse tsiku lonse la sukulu.

Makhonsolo nawo ali ndi mbali yawo. Amatolera ndalama m'misika tsiku ndi tsiku, choncho ngalande zotsekeka ndi maenje a m'misewu yopita kumisikayo asamadikire mpaka wina avulale. Nawo mabungwe a akabaza m'masiteji angathandize poonetsetsa kuti njinga yopanda mabuleki siikunyamula munthu.

Njinga ndi khasu la banja la m'tauni, ndipo khasu siliikidwa padenga m'dzinja. Ikonzeni, ipepukitseni katundu, ionekere pamsewu. Mukafika pamtsinje wodzaza, khalani pansi mudikire. Msika udzakhalaponso sabata yamawa.