Cisanu ca June Cimaocha Inveta

Sabata ino ndifuna kukamba nanu za magetsi a dzuwa. Kuyambira m'caka ca 2007 pamene Eskom inayamba kuzimitsa magetsi mosinthana-sinthana, makamaka m'caka ca 2023 pamene bvutoli linakula zedi, madenga ambiri a ku Benoni, Boksburg, Springs, Daveyton ndi Tembisa analandira mapanelo a sola. Ena a inu mwagula kuti muike pa nyumba kuno ku Ekurhuleni, ena kuti mutumize kumudzi. Ndalama zace ndi za thukuta, cifukwa cace mverani bwino.

Mapanelo amamangidwa m'mzere monga ngolo za pansi pa mgodi. Waya wa pulasi wa panelo iyi umalowa ku waya wa mainasi wa inzace, kufikira patatsala mawaya awiri okha otsikira ku inveta, bokosi lija losandutsa magetsi a dzuwa kukhala a m'nyumba. Mzere wotere amisiri amati string. Tsono dziwani ici: pomanga motere ma volt, ndiyo mphamvu yokankha magetsi, amaonjezana. Panelo yaikuru ya ma watt 550 imapatsa ma volt pafupi-fupi 50 isanayambe kukoka katundu. Mapanelo 10 ndiye kuti ma volt 500.

Inveta iri yonse iri ndi malire ace olembedwa m'mbali mwace, ndipo zambiri za ma kilowatt 5 malire ace ndi ma volt 500. Kodi si ndiye kuti mapanelo 10 akwana ndendende? Iai, abale! Nambala ya kumbuyo kwa panelo inayesedwa pa kutentha kwa madigiri 25, koma panelo ikazizira ma volt ace amakwera. Dziko lino la East Rand liri pamwamba, mamita oposa 1,500 kucokera pa nyanja ya mcere, ndipo inu olawirira ku nchito mukudziwa cisanu coyera ca pa udzu mu June ndi July. Kuzizira kukafika pa digiri 0, ma volt amaonjezeka ngati 7 pa 100 ali onse. Dzuwa likaomba mapanelo akadali ozizira, 500 aja asanduka 535, ndipo inveta ikhoza kupsa m'mawa umodzi. Kawiri-kawiri wogulitsa sabweza ndalama pa mlandu wotere.

Cifukwa cace ndikuti ikani mapanelo 9 okha m'mzere umodzi. Amenewa apatsa 450, ndipo m'cisanu afika ngati 480, osapyola malire ai. Inveta zambiri ziri ndi makomo awiri olandirira mizere, amene amati MPPT. Ngati mapanelo ali ambiri agaweni pa makomo onse awiri, koma mzere usafupikenso kwambiri, pakuti inveta siidzuka ma volt akacepa. Mapanelo oyang'ana kumpoto akhale mzere wao, oyang'ana kum'mawa akhalenso wao.

Cenjeraninso ndi moyo wanu. Dzuwa liri kunja, mawaya a pa denga ali ndi moto ngakhale mutazimitsa nyumba yonse. Musazule pulagi za mapanelo magetsi akuyenda, pakuti lawi lace silizima msanga. Yambani mwatseka switchi ya pakati pa mapanelo ndi inveta, ndipo yesani ndi mita kuti mudziwe pulasi ndi mainasi musanalumikize. Lamulo la South Africa lifuna kuti mmisiri wa magetsi wobvomerezeka ayese nchitoyo ndi kupereka kalata ya Certificate of Compliance. Safunsa anadya phula.

Inu otumiza kumudzi, ku Dedza ndi ku Mzimba nakonso kumazizira m'miyezi yomweyi. Pouza a kunyumba za katunduyo, auzeninso kuti mzere umodzi ukhale wa mapanelo angati. Tsalani bwino, tidzakambanso sabata yamawa.