Eni nkhalango ku Chongwe atchinjirize moto udzu usanaumitse

Amene amayenda pa msewu wa Great East mwezi wa Okutobala amadziwa mmene boma la Chongwe limaonekera: mapiri akuda bii ndi lupsa, utsi uli tolo, ndipo njinga zolemedwa ndi matumba a makala zikulunjika ku Lusaka. Anthu ambiri amaloza chala owotcha makala, ndipo sakulakwa. Koma pa mafamu ndi minda ya anthu yomwe idakali ndi mitengo, chomwe chikulepheretsa nkhalango kubwerera ndi moto wolusa wa m'chilimwe.

Mitengo ya mombo ndi mchenga siifa msanga ndi nkhwangwa. Ikadulidwa, zitsa ndi mizu zimaphukira zokha, popanda wogula mbande kapena wothirira. Tsoka limabwera pamene mphukirazo zidakali zofika m'chiuno, udzu wauma gwa, mphepo ikuwomba, kenako wina wosaka mbewa wayatsa moto. Zomwe zakula chaka chonse zimapsa tsiku limodzi.

Zimenezi zinayesedwa kale m'dziko mommuno. Mu 1933 ku Ndola anagawa nkhalango m'zigawo: china ankachitentha chilimwe chikangoyamba, china kumapeto kwa chilimwe, china osachitentha konse. Zotsatira zake, zomwe wofufuza Colin Trapnell anasindikiza mu 1959, zinaonetsa kuti moto wochedwa unapha mitengo ikuluikulu ya miombo, pamene m'chigawo chotenthedwa msanga nkhalango inatsala chiimire. Padutsa zaka zoposa 60 izi zili m'mabuku, koma eni malo ambiri amadikirabe mpaka moto ufike pa mpanda ndiye n'kuyamba kuthyola nthambi zozimitsira.

Ntchito yeniyeni imagwiridwa mu Meyi ndi Juni. Mwini malo alambule njira yotakata kuzungulira nkhalango yake ndi zina zodula pakati, amwete udzu wofolera nyumba kaye, kenako atenthe pang'onopang'ono madzulo, mphepo itagona, udzu udakali ndi chinyezi. Moto wotere umangonyambita pansi, sukwera m'nthambi. Pa chitsa chomwe chaphukira kwambiri, asiyepo mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu. Mbuzi nazo zisalowemo zaka zoyamba.

Kudzala mitengo n'kwabwino, ndipo alimi ambiri aphunzira kusakaniza mitengo ndi mbewu ku Kasisi Agricultural Training Centre, yomwe ansembe a chiJesuit anatsegula mu 1974. Komabe mbande zodzalidwa mu Disembala n'kupsa mu Seputembala ndi ndalama zotayika.

Chovuta n'chakuti moto sudziwa malire. Mwini famu amene amangodalira waya ndi mlonda, osalankhulana ndi midzi yomuzungulira, nkhalango yake idzapsa ndithu. Amene amalola amayi kuzula bowa, kutola masuku ndi kumweta udzu amapeza anthu othamangira kudzazimitsa, chifukwa nkhalangoyo ikuwadyetsa nawonso. Apa nyakwawa za m'dera la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II zili ndi mawu olemera kuposa chikwangwani chilichonse: zikhoza kuika masiku otenthera ndi kuzenga mlandu woyatsa moto mwachisawawa.

Lamulo la nkhalango la 2015 limalola munthu kulembetsa malo ake ngati nkhalango yakeyake, ndiponso limapatsa midzi mphamvu yosamala nkhalango zawo. Ofesi ya zankhalango m'boma iyenera kutuluka ndi uthengawu kupita m'mafamu, osangokhala kulanda matumba a makala pamsewu.

Nkhaniyi ndi ya madzinso. Mtsinje wa Chongwe wakhala ukuphwa m'zaka za chilala, tauni n'kusowa madzi a m'mipope, ndipo mitsinje yaing'ono ngati Chalimbana imadalira mapiri okhala ndi mitengo. Nthaka yopsa chaka ndi chaka siimwa bwino mvula. Madzi amangothamanga atanyamula dothi. Aliyense amene ali ndi kachigawo ka nkhalango ku Chongwe anole khasu ndi chikwakwa mvula ikangosiya, ndipo auze anansi ake tsiku lomwe adzatenthe.